Malo Osungitsa ku Garsfontein

"Ayi, ayi. 'Happy help' ndiye chiyani? Pakatipo pamalowa 'to'. Happy to help. Tabwereza," anatero Enifa.

"Happy to help, madam."

"Eya. Akakufunsa za makatani, uziti easy to wash. Za uvuni, hard to clean, adziwe kuti wakhetsa thukuta. Ndipo usamazolike ngati waba nkhuku."

Emmie anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anali mwana wa mkulu wake wa Enifa, ndipo anali atangofika kumene ku Joni kuchokera ku Ntcheu, fumbi la m'basi lisanachoke m'tsitsi. Ankagona pa matiresi pansi m'kachipinda ka Enifa ku Eersterust.

Enifa sukulu analekezera Sitandade 6, koma Amalawi a kutchalitchi ankamutchula kuti Aphunzitsi. Chizungu chake anachitola m'khitchini ya ku Garsfontein, kumene anayamba ntchito mwana wa madamu akukwawa. Lero mwanayo ali ndi ndevu ndi galimoto yake. Ndi yemweyo amene ankamuwongola pakamwa ali wa kunasale: "Not more big, Enifa, bigger!" M'kupita kwa zaka Enifa anazindikira kuti madamu safuna chizungu chodzaza dengu. Amafuna timawu tomangirira pawiripawiri ngati timitolo ta nkhuni: ready to start, safe to use, cheaper than, better than. Lamulungu akaweruka kutchalitchi, atsikana ongofika kumene ankadzaza kachipinda kake, iye akusita yunifolomu, iwo akuyimba timawuto ngati kwaya. Sankalipiritsa. Wina akapeza ntchito ankabwera ndi nkhuku ya m'firiji, zatha.

Chaka chimenecho Enifa ndi abale ake anagwirizana zomanga chiliza pamanda a mayi awo kumudzi, ndipo Enifa sakanajomba. Amalawi a kuno ali ndi kachitidwe kawo: ukamapita kumudzi suisiya ntchito pululu, umasungitsa malo kwa m'bale wako. Iye amagwira, za mwezi umenewo amalandira ndi iye, ukabwerako amakubwezera tsache lako. Palibe zosainirana. Naye Enifa anasungirapo anzake malo kambirimbiri, ndipo palibe tsache la mwini limene linamukakamira m'manja.

Choncho anamukhuthulira Emmie zonse. Galu amadya liti, malaya ati a bwana sayandikira simbi yotentha, kapu iti ndi ya madamu yekha.

"Akakufunsa za sopo usamangoloza ndi chala. Uziti this one is stronger than that one. Amakonda munthu wodziwa kufananitsa zinthu."

"Ndamva, Amayi. Pitani mtima uli m'malo."

Chiliza chinamangidwa, nyimbo zinayimbidwa. Enifa anabwerera miyendo itatupa ndi ulendo. Sanamupeze Emmie m'kachipinda muja, koma zovala za mtsikanayo zinali pa msomali, ndiye sanadandaule. Lolemba m'mawa anakwera takisi ya ku Garsfontein atanyamula jumbo ya mtedza wa kumudzi, umene madamu ankaukonda wokazinga.

Pageti anadina manambala a masiku onse. Geti zii. Anadinanso. Kenako kunatulukira Alufeyo, bambo wa ku Mulanje wosamalira maluwa, payipi ya madzi ili m'manja.

"Achemwali, mwabwerako? Kumudzi ali bwanji?"

"Ali bwino. Tatsegulani, Achimwene, ndachedwa kale."

Alufeyo anayang'ana payipi yake ngati akuiona koyamba. "Eish. Madamu sanakuyimbireni?"

"Andiyimbire za chiyani?"

Bamboyo anasendera pafupi ndi zitsulo za geti n'kutsitsa mawu. "Ine ndinkadulira maluwa kuseri kwa windo la khitchini, ndinamumva Emmie ndi makutu angawa. 'I am younger than Auntie, madam. I am faster. Auntie is too tired to climb the stairs. Me, I am ready to sleep in.' Chizungu chosalala, Achemwali! Ndinati mwanayu wachitenga kuti? Kenako ndinakumbukira kuti amagona kwanu."

Madamu sanatuluke. Mawu ake anamvekera pa kabokosi ka pageti, ofewa ngati akutonthoza mwana: "It's just easier to have someone younger, Enifa. You understand." Enifa anamvadi. Liwu lililonse analimva bwinobwino.

Amene anatuluka ndi Emmie, atavala yunifolomu yabuluu ija, yopindidwa m'chiuno ndi pini chifukwa inali yomukulira.

"Amayi, musandiyang'ane choncho. Madamu ndi amene anafunsa, ine ndinangoyankha."

"Unayankha bwino. Too tired to climb ndinakuphunzitsa liti?"

"Munati too hot to touch, za mbaula. Ine ndinangosinthako."

"Mwana wanzeru."

"Nanenso ndasiya ana kumudzi, Amayi. Inu mumadziwana ndi anthu ambiri, mupeza pena." Anapukuta manja pa epuloni. "Zovala zanga ndidzatenga Loweruka. Musavutike kundidikira, kiyi ndili naye."

Enifa anafuna kutchula dzina la mkulu wake, mayi wa mwanayu, amene anagwirana naye manja pamanda masiku apitawo. M'malo mwake anangokumbatira jumbo ya mtedza ija. Galu anabwera n'kumunyambita zala kudzera m'mipata ya geti, Emmie n'kumuitana m'chizungu, galuyo n'kumutsatira.

Pobwerera ku Eersterust anatsikira takisi pa shopu ya Tahir, mnyamata wa ku Mangochi wogulitsa chilichonse kuyambira singano mpaka mababu.

"Aphunzitsi! Lero mwaweruka dzuwa lili pamutu? Mwabwera bwino, ndimakufunani. Mlongo wanga Aliya wafika dzana, chizungu chake ndi yes ndi no basi. Abwere Lamulungu?"

"Ndipatseni loko."

Tahir anamuyang'ana kumaso. Anatsitsa maloko awiri. "Uyu ndi wotchipa. Uyu ndi wolimba, ngakhale sowo imalephera."

"Wolimbayo."

"Nanga za Aliya ndimuuze chiyani?"

"Mumuuze kuti Lamulungu lino chitseko chikhala chokhoma."

Anaponya loko uja m'jumbo, pamwamba pa mtedza wa madamu, makiyi ake onse awiri n'kuwafumbata m'dzanja, n'kuyamba kukwera kamsewu kopita kwake.