Katondo wa Pabwalo la Besibo

Ndinadzuka kusanache, ngati kunali kugona kumeneko. Azimayi tinachezera pansi m'chipinda cha achimwene ku Discovery Gardens, tikuchita mapemphero a dua chapansipansi kuopa aneba. Maliro a achimwene, opanda moto panja, abale inu! Mpunga tinaphika pa gasi, mawindo ali otseka.

Achimwene anabwera ku Dubai ali mnyamata, imvi zinawamerera kuno. Poyamba ankayendetsa galimoto ya banja lina la azungu, kuperekeza ana ku besibo, mpira womenya ndi chibonga uja. Azunguwo anabwerera kwawo, koma achimwene bwalolo sanalisiye. Linali bwalo lakalekale, mabenchi ake osuluka ndi dzuwa, koma tsiku lililonse lopuma ukawapeza pomwepo. Ine ndinkawaseka: "Inu Myao wa ku Machinga, besibo mwaidziwira kuti?" Iwo ankangoti, "Chemwali, taona dothilo. Dubai yense ndi mchenga, katondo ali pano pokha." Zoonadi, pothamanga osewera anathirapo dothi lofiira ngati la kumunda kwathu.

Ali m'chipatala anandipempha chinthu chimodzi: ngati thupi lawo silipita kumudzi, m'manda mwawo mukagwe dothi la pabwalopo. Thupi silinapite. Amayi pafoni ankangolira kuti mwana wawo agona mumchenga wa eni.

Ndiye nditaswali m'mamawa ndinakwera takisi, chitini cha tiyi chili m'manja. Mlonda wa pabwalo anali wa ku Zambia, achimwene ankawadziwa bwino. Sanandifunse zambiri. Anagwada nane, tinapala dothi ndi manja.

Pobwerera ndinapeza anthu atadzaza mpaka m'masitepe: madalaivala, alonda a m'mahotela ali ndi yunifomu yomwe, atsikana amene anachita kuwapempha madamu awo. Kunja kunali mphepo yafumbi, kutentha kosati masewera.

Tsono ife azimayi kumanda sitipita. Amuna ndiwo amaponya dothi katatu ndi manja. Ndinapita nacho chitini kwa bambo wachikulire amene amatitsogolera mapemphero. Anasuzumiramo, nkukwinya nkhope.

"Chemwali, dothi lonse ndi la Allah. Zamasewera sizilowa kumanda."

Mtima unandipweteka, koma ndikanalimbana ndi wamkulu pamaliro? Ndinangoti, "Bambo, ine ndangotumidwa ndi eni ake." Ndinachiika pampando wawo m'basi yonyamula amuna nkutsika. Wina anakuwa kuti yalla, tiyeni, mabasi ananyamuka kulowera kumzikiti, ife tinatsala pakhonde tikulira.

Tsiku lonse chakudya sichinalowe. Ndinkangoganiza kuti chitini chija chibwerera chodzaza, ndipo ndidzakhala nditawanamiza achimwene ali pabedi la imfa.

Madzulo anthu anabalalika, aliyense kuthamangira shifiti yake. Bambo aja anabwera kudzatsanzika. Za dothi sanatchule. Anangoika chitini patebulo nkuti, "Khalas, zatha chemwali, tawaika bwino." Nditachinyamula chinali chopepuka. Mkono wa mkanjo wawo woyera unali utafiira, m'zikhadabo namonso.

Atatuluka, m'nyumba munati zii, firiji yokha ikulira. Chipewa cha achimwene cha besibo chinali chikadali pamsomali. Ndinakhala pansi nkuimbira amayi. Mawu awo anali atasasa ndi kulira. Anafunsa ngati mwana wawo tamusiyadi mumchenga.

"Ayi amayi," ndinatero. "Agona m'katondo."