Mchere Pansi pa Chikwama

Amuna anga anabwerako kunkhondo ndi zinthu ziwiri: chifuwa chosatha ndi chikwama cha asilikali chobereka kumsana. Chikwamacho ankachikonda kuposa ine, ndipo ndinkawauza osabisa. Ndikalongedza, iwo ankakhuthula zonse pamphasa n'kuyambiranso.

"Mayi a mwana, ili si dengu," ankatero. "Zopepuka pansi. Zolemera pakati, zitsamire msana. Zofunika panjira pamwamba."

Ine ndinakula ndikusenza pamutu, ndipo m'dengu cholemera chimakhala pansi, apo ayi khosi lithyoka. Ndiye mwamuna kumandiphunzitsa kulongedza, zinkandipsetsa mtima zedi.

Chaka cha njala, kwathu kunyanja nsomba zinalipo koma ufa unatheratu. Ana athu awiri anayamba kutupa mapazi. Amuna anga anapangana ndi mng'ono wawo zopita wapansi kumapiri, kupitirira Chitala, kukasinthitsa usipa ndi mchere ndi chimanga. Ndinawaletsa chifukwa cha chifuwacho, koma sanamve. Tsiku la ulendo tinakangana m'mawa wonse, ine ndikulongedza mokwiya: mchere ndi makasu awiri akale pansi penipeni, usipa pamwamba, bulangete ndinangolikanikizira pambali. Atatambasula dzanja kuti amasule, ndinalankhula mawu amene amandipwetekabe mpaka lero.

"Mukakhuthula chimenecho, mukapeze mkazi wina wodziwa kulongedza."

Anandiyang'ana, anabweza dzanja, n'kubereka. Ndinawaona akupita chowerama, chikwama chikuwamenya m'chiuno, malamba akukokera mapewa m'mbuyo. Ndinadziwa kuti ndalakwitsa. Ndikanatha kuwathamangira, poti anali asanafike n'kumsewu komwe. Koma mkwiyo unali usanatsike, ndinangolowa m'nyumba.

Anabwerako patapita masiku asanu ndi anayi, alamu anga atasenza chimanga chonse, iwo akutsamira ndodo. M'mapewa munali zilonda, malaya atamatirira. Alamu anandiitanira kuseri n'kundiuza kuti pokwera mapiri achimwene awo anayamba kutsokomola magazi. Anawachonderera kangapo kuti atule, alongedze bwino, koma anakana. Akuti anangoyankha kuti, "Alongedza ndi mayi a mwana, chisiye."

Kaya kunali kundilemekeza, kaya kundilanga, sindidziwa. Anali munthu wamakani ngati ine ndemwe. Anthu amati chifuwacho chikanawatengabe, chikwama kapena popanda chikwama. Mwina n'zoona, koma ine sizinditonthoza. Ndinkawatsuka zilondazo ndi madzi ofunda, mtima ukufuna kupepesa, pakamwa posatseguka. Tsiku lililonse ndinkati ndinena mawa.

Ana anachira. Bambo awo sanadzukenso, ndipo pasanathe milungu itatu anatisiya. Chimanga chimene chinatsala m'thumba ndicho chinadyetsa anthu obwera pamaliro. Ine ndinakhala m'nyumba pambali pa mtembo, ndikumva azimayi akusinja panja, ndisanapepesebe.