Basela wa a NyaGondwe

Ndinakulira mandasi a a NyaGondwe, mayi a kumpoto amene amakazingira pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Kawale. Tikamachokera kusukulu, fungo linkatichingamira tisanakhote pakona. Ukagula, ankakuponyera kachidutswa kopserera pamwamba, amvekere, "Basela uyo, usauze anzako." Tonse ankatiuza chimodzimodzi.

Chaka chatha, pagulu la WhatsApp la m'dera lathu panafika kanema wa munthu akutsanulira mafuta akuda m'chiwaya. Akuti anali mafuta a transifoma. Nkhope sinkaoneka, ngakhale dziko lake silinkadziwika. Ine, pofuna kuoneka wodziwa zinthu, ndinalemba kuti, "Chiwaya ichi ngati ndikuchidziwa." Ndinaikaponso kankhope koseka. Mumsewu mwathu chiwaya chodziwika n'chimodzi basi.

Posakhalitsa ana anayamba kudutsa pamango paja osaima. Ineyo, munthu wandevu zanga, ndinayamba kuzembera njira ya kuseri kwa chigayo, kuthawa mandasi.

Tsiku lina tinakumanizana maso ndi maso ndi a NyaGondwe pamango paja.

"Wasowatu, mwanawe. Nawenso wamva za pafonizi?"

"Anthu ndi oipa, amayi," ndinatero, osaphethira n'komwe.

"Yangayi ndi yamabatani. Iwe wakula ukudya pano, ukawauzeko."

Ndinavomera ndi mutu. Mpaka lero sindinalembenso kalikonse pagulupo.

Anandikulungira mandasi m'pepala, kenako n'kuponya kopserera kaja pamwamba.

"Basela uyo. Usauze anzako."

Pa mawu onse amene anandiuza tsiku limenelo, okhawa ndi amene ndasunga.