Zigubu za Aphunzitsi Anga

Chaka changa chachitatu ku koleji anandisankha kukhala mlangizi wa ophunzira atsopano a sayansi. Aliyense wa ife anapatsidwa wophunzira mmodzi wa chaka choyamba woti azimuonetsa njira ya ku labu, kumuthandiza pamene maphunziro amuvuta, ndi kumufunsa sabata iliyonse ngati mtima uli m'malo. Mayi amene ankayang'anira ntchitoyi anatitsindikizira chinthu chimodzi: mlangizi ndi wolangizidwa ndi anthu ofanana. Kugwada kulibe, "inu" kulibe. Tizitchulana "iwe" ngati ana a mimba imodzi.

Anzanga anapatsidwa ana ongochoka kumene ku sekondale, ena akulirabe amayi awo. Ine nditalowa m'chipinda chimene anandilozera, ndinapeza bambo wa imvi, wovala jekete ndi tayi, manja ali pa mawondo. Anali aphunzitsi anga a Sitandade 5, a kwathu ku Maganga. Anabwera kudzawonjezera maphunziro kuti akaphunzitseko sayansi ku sekondale asanapume pa ntchito.

Mawondo anga anapinda okha. Iwo anadzambatuka.

"Ayi, alangizi, musatero. Atiuza kuti kugwada kulibe."

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?"

"Mwalakwa kale. Nenani kuti: waswera bwanji iwe? Bwerezani."

Ndinayesa.  Anandibwerezetsa monga ankachitira ndi masamu pansi pa mtengo wa mango, koma sizinatheke. Mapeto ake ndinapeza njira yanga yolankhula nawo popanda "iwe" kapena "inu". Ndinkati, "Kudya kwachitika?" kapena, "Homuweki yalembedwa?" Pa funso la sabata ndi sabata ndinkati, "Vuto lililonse lilipo?" Iwo ankayankha chimodzimodzi nthawi zonse: "Zonse zili bwino, alangizi."

Teremu yachiwiri, a chaka choyamba anawatumiza ku Senga Bay kukaphunzira za m'nyanja, ndipo alangizi tinapita nawo. Tinkagona m'makalasi a sukulu ina imene inali pa holide, kalasi imodzi tinaisandutsa labu. Ntchito yaikulu inali yokatunga madzi kutali ndi gombe, pakuya, n'kudzaona pa maikulosikopu tizamoyo timene usipa umadya. Wosakwera boti analibe malikisi.

Tisanayambe n'komwe, kunatulukira kabaza atanyamula mayi wonenepa ndi dengu la chinangwa. Anali akazi a aphunzitsi. Anamva kuti amuna awo ali ndi mlangizi amene amakhala nawo awiriwiri n'kumawafunsa za mumtima. Kwathu alangizi ndi amayi akuluakulu a kumpingo, amene amalowerera banja likayamba kugwedezeka, choncho anabwera kudzaona amene wanena kuti lawo likugwedezeka. Atandiona anaika dengu pansi.

"Kodi ndiwe? Si iwe unkatola mango kuseri kwa nyumba yathu, mamina ali chuchuchu?"

"Ndine ndithu, amayi."

"Ndiye ukuwalangiza chiyani bambo ako?"

Ndinawauza kuti akhale nawo adzimvere okha. Anayala chitenje pamchenga. Ine ndinafunsa funso langa lija, aphunzitsi n'kuyankha kuti zonse zili bwino.

"Akunama awa," anatero amayiwo. "Amaopa madzi."

Aphunzitsi anayang'ana nsapato zawo. Akazi awo anapitiriza. Chikwatirane sanawaonepo atalowa m'madzi opitirira akakolo. Kusamba amasamba ndi kapu, chidebe chili patali. Zaka zonse anaphunzitsa ana za nyanjayi ndi choko basi, kuijambula pa bolodi n'kuifufuta.

Pa maphunziro athu a ulangizi anatiuza za wophunzira wosowa kwawo, woledzera, ndi wolephera masamu. Za ichi sanatiuze. Ndinapita kwa msodzi wina amene ankasoka ukonde, n'kumupempha boti lake lobooka limene linali pamtunda kudikira kukonzedwa. Ndinaganiza kuti munthu akazolowera boti pamchenga, pamadzi sadzavutika.

Tinawakhazika aphunzitsi pa thabwa lapakati. Ine ndinagwira mbali iyi, amayi mbali inayo, n'kuyamba kugwedeza. Iwo anatsinzina, atagwiritsa thabwa. Asodzi anayamba kutizungulira. Wina anati tikugwedeza ngati tikugoneka khanda, ndipo anatikankhira pambali kuti aonetse mmene mphepo ya mwera imachitira. Anzake anathandizako. Amayi oyanika usipa pa thandala anabwera ndi mabeseni, n'kumawaza madzi kuti mafunde asasowe. Posakhalitsa aphunzitsi anaweramira kunja kwa boti n'kusanza.

"Ine ndakalamba ndi nyanjayi," anatero mwini boti, "koma munthu wodwala mafunde pamchenga ndamuona lero."

Aphunzitsi anapukuta pakamwa ndi mpango. "Mawa nthawi yomweyino, alangizi?"

Zinasanduka chizolowezi cha pagombe. Ndikamadutsa m'mawa anthu ankandifunsa kuti, "Lero aphunzitsi anyamuka nthawi yanji?" Iwo ankafika atamanga tayi, n'kutsanzikana ndi akazi awo, n'kukwera. Ulendo ukatha ankatsikira pomwe anakwerera, ndipo anthu ankawagwira chanza: "Mwayenda bwanji? Kumeneko mwawasiya ali bwanji?" Iwo ankayankha mwaulemu kuti onse ali bwino.

Tsiku la ulendo weniweni linafika. Anatigawira majekete oyandamitsa, koma amayi ataligwira la amuna awo anapukusa mutu. Anati kansalu kotere sikanganyamule munthu wa zidzukulu. Anali atatumiza kale uthenga kumudzi, ndipo kabaza anabweretsa zigubu zinayi zopanda kanthu. Anawamangirira nazo ndi malegeni, ziwiri m'mbali, china pamimba, china kumsana. Aphunzitsi ankaoneka ngati njinga yopita ku mjigo. Lekichala wathu, mnyamata wocheperapo kwa mwana wawo woyamba, anawayang'ana, n'kuyang'ana ine.

Tinakwera boti lina lalikulu, injini inalira, gombe linachepa. Titafika pakuya, lekichala anati timupatse kireti ya mabotolo otungira madzi. Tinayang'anana. Aliyense ankaganiza kuti mnzake wanyamula. Woyendetsa botilo anati mafuta sangakwane kubwerera kumtunda n'kudzabweranso. Munangoti zii. Kenako maso onse, mmodzimmodzi, anatembenukira kwa aphunzitsi, amene anali atatsinzina chichokereni pagombe.

"Bwanji mwakhala chete?" anafunsa osatsegula maso.

Lekichala anandinong'oneza: "Ndi wanu uyu, alangizi. Kambiranani."

Ndinasendera pafupi. "Chigubu chimodzi chikupemphedwa."

"Ndani akupempha?"

"Sayansi."

"Sayansiyo ikapemphe kwa akazi anga. Si zanga izi."

Tinakambirana nthawi yaitali. Pomaliza analola cha kumsana, ati poti sachiona. Titadzaza, lekichala anati pakufunika madzi a pansi penipeni, osasakaniza ndi a pamwamba. Cha kumanzere chinachoka. Aphunzitsi anadandaula kuti tsopano akagwa adzayandama chammbali, ndiye ndinawauza kuti njira yowongolera ndi kuchotsanso cha kumanja. Apa mtima unawapsa. Anaimirira, chala m'mwamba monga ankachitira m'kalasi, ndipo boti linapendekeka mpaka madzi kulowa. Atsikana anakuwa.

"Iwe! Khala pansi!"

Mawuwo anatuluka mkamwa mwanga ndisanawaganize. Aphunzitsi anakhala pansi nthawi yomweyo. Anatsegula maso n'kundiyang'ana.

"Eya," anatero. "Mwakhoza tsopano."

Poti maso anali atatseguka kale, anayang'ananso uku ndi uku. Madzi mbali zonse, mapiri a ku Senga ali ting'onoting'ono kumbuyo. 

"Koma ndi yaikuludi," anatero motsitsa mawu. "Ine ndinkangowauza ana."

Cha kumanja chinachoka popanda mkangano. Chigubu chomaliza anamasula okha, ndipo anatunga okha, ine ndi mnyamata wina titawagwira lamba.

Madzulo ake mu labu zinthu zinayenda bwino kopitirira muyeso. Dontho lililonse linali lodzaza ndi tizamoyo tozungulira, tophukirana, timene m'mabuku athu a za nyanja munalibe. Lekichala anasangalala mpaka kuimbira foni mnzake ku koleji, akuyenda uku ndi uku pakhonde. Tinajambula mpaka manja kuwawa. M'mawa mwake tinapeza zigubu zitafufuma chifukwa cha kutentha, ndipo titatsegula chimodzi, kalasi yonse inanunkhira ngati kuseri kwa nyumba ya ukwati.

Anaitanidwa amayi. Lekichala anafunsa kuti kodi m'zigubumo munkakhala chiyani.

"Thobwa," anayankha. "Nanga mungakhalenso chiyani?"

"Munatsuka?"

"Ndinatsukuluza. Sopo sindiikamo ine, amaononga kukoma."

Lekichala anatuluka panja kukaimbanso foni, ulendo uno molankhula pansipansi. Ntchito yonse inayenera kuyambiranso. Ulendo wachiwiri kireti ya mabotolo anainyamula aphunzitsi pamiyendo, atavala jekete loyandamitsa pamwamba pa tayi. Anasanzanso, koma maso anali otsegula, ndipo malikisi awo anapeza.

Zigubu zija zinatsala mu labu, ndipo bambo woyang'anira zipangizo, potsata malamulo ake, anazilemba ndi penti yofiira zilembo zikuluzikulu: ZOYESA, OSAMWA. Tsiku lonyamuka amayi anabwera kudzazitenga, ati mwana wa mchemwali wawo akukwatiwa ndipo thobwa alibe moika. Bamboyo anayesa kukana, koma anagonja.

Ku ukwatiwo anandiitana. Zigubu anazindandalika pansi pa mtengo, zilembo zofiira zikuyang'ana kwa alendo. Abusa anawerenga, anayang'ana amayi, n'kutambasula kapu yawo. Dzuwa lisanapendeke zonse zinali zitatha. Inenso ndinamwako, ndipo ndinapempha kuti andiwonjezere.