Achimwene anga a Efulemu sakana chakudya

Achimwene anga a Efulemu chibadwire sanakanepo chakudya cha munthu. Sindikunena kuti ndi osusuka ayi, Mulungu akundimva. Kunyumba kwawo amangotola pang'ono ngati nkhuku yodwala. Koma munthu akangowatambasulira dzanja, kaya ndi chimanga chowotcha, kaya ndi mbatata yozizira ya dzulo, iwo amalandira ndi manja awiri, kupemphera, n'kudya pomwepo mwini wake akuona.

Zinayamba chaka china cha njala tili ana. Kunabwera mlendo wa m'tauni, amayi n'kumuphikira phala la gaga, ufa womaliza m'nyumba. Mlendoyo anangosuzumira m'mbale n'kunena kuti wakhuta. Amayi anakalirira kuseri kwa nkhokwe. Achimwene anawaona, ndipo anati iwo sadzaliritsa mayi wa munthu chifukwa cha mbale.

Ntchito yawo ndi yomanga zigafa za fodya. Kuchokera kwathu kuno mbali ya Mitundu mpaka ku Nathenje, mukaona chigafa chimene sichinagwe ndi mphepo, anamanga ndi iwo. Ndi ankhoswenso a maukwati ambirimbiri, moti njira yonse imeneyo palibe khomo limene angadutse osaitanidwa. Alamu anga, akazi awo, anatisiya kalekale. Wowayang'anira ndine Felesiya, mlongo wawo wamng'ono.

Chaka chatha anabayidwa ndi chitsa pa chala chachikulu cha kuphazi. Kachilonda kachabechabe. Fodya anagulitsidwa, chilonda chilipo. Mphepo ya Julaye inadutsa, chilonda chilipo, chayambanso kununkha. Mayi Maness, mnzanga wa ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi kwathu, ndi amene anandiuza za kachipatala kena ka ku Nathenje komwe banja lawo lonse limaonedwa ndi dokotala mmodzi.

"Koma kumeneko sapitako ngati kuchigayo, amwali," anatero. "Umayamba waimba foni, akupatse tsiku."

Ndinaimba. Anayankha mtsikana dzina lake Thandiwe. Ndinayamba ndi moni, kumufunsa za makolo ake ndi za kunyumba, iye n'kuti, "Amayi, dzina la wodwala?" Ndinamukhululukira, ndi ana a masiku ano. Anafunsa vuto, ndinafotokoza, ndiye anati, "Abwere Lachiwiri m'mawa. Adokotala mwina adzafuna kuyeza shuga, ndiye akadya madzulo asadyenso kanthu mpaka atayezedwa. Madzi okha."

Kukonzekera kwake tinakonzekera ndithu. Jekete yawo ya ku maukwati ndinaisita. Anameta ndevu. Phazi labwino anavala nsapato yopolisha, phazi lodwala patapata. Pakhomo ponse sindinakoleze moto m'mawa umenewo. Tinakwera njinga za kabaza, iwo kutsogolo ine kumbuyo.

Tisanatuluke n'komwe m'mudzi, njinga yawo inaima. A Bester, amene achimwene anawakwatitsa, akuwakodola ali ndi kapu ya thobwa.

"Achimwene," ndinatero, "anati madzi okha."

"Aaa, amayi ake a Dalitso, thobwa lingaphe munthu?" anatero a Bester. "Adokotalawo akuona kuno?"

Achimwene anandiyang'ana n'kuti, "Felesiya, ukufuna anthu anene kuti tinaleredwa kutchire?" Anavula chipewa, kupemphera, kumwa.

Patsogolo panali mtedza. Patsogolo penanso tiyi ndi chinangwa. Kulikonse ndimafotokoza za adokotala, kulikonse amandiseka. Pofika ku Nathenje wakabaza wawo amachita kupuma ngati ng'ombe ya pangolo.

Adokotala anali bambo wodekha, wa magalasi. Anatsuka chilonda, kuchiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa, "Mwadya chilichonse lero, bambo?"

"Kunyumba ayi."

"Nanga panjira?"

"Panjira ndangolemekeza anthu."

"Anthu angati?"

Achimwene anayamba kutchula mayina ndi midzi yawo. Adokotala anavula magalasi.

"Bambo Efulemu, tamverani. Chala ichi chayamba kuda. Ndikuganiza kuti ndi shuga amene akuletsa chilonda kupola, koma kuti ndikupatseni mankhwala oyenera ndikufuna ndiyeze magazi anu musanadye. Chilonda ndachimanga. Bwerani Lachiwiri likubwerali. Tikachedwanso ndidzakutumizani kuchipatala chachikulu m'tauni, ndipo chala chikafika poipa amachotsa. Chikapitirira, phazi."

Pobwerera, tili pafupi ndi kwathu, achimwene anangoti, "Wa phazi limodzi sakwera pa chigafa." Kenako anaimitsa njinga chifukwa mayi ena amawapatsa nzimbe.

Ndinapemphera sabata imeneyo. Ndinati Ambuye, munthu uyu munamulenga nokha, mukudziwa kuti kukana sangakane. Anthuwonso kusiya kumupatsa sangasiye, chifukwa mawu a dokotala amawatenga ngati nthabwala. Nanga ndi mawu a ndani amene satsutsa? Ndikutsuka mbale yankho linabwera.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinaimirira pakati pa amayi a Chigwirizano. Ndinati, "Amayi anzanga, phazi la a Efulemu lili m'manja mwa Mulungu. Ndikupempha kuti Lachiwiri tisale kudya ndi kupemphera mpaka masana. Si chinyengo, tisale zenizeni." Mayi Maness anayambitsa nyimbo pomwepo. Uthenga unayenda mipingo yathu yonse ya njira ya ku Nathenje, poti palibe mayi amene ukwati wake sunadutse m'manja mwa achimwene. Amuna ena anang'ung'udza. A Bester anafunsa ngati kusalako kukukhudzanso thobwa, akazi awo n'kuwayankha ndi maso.

Ndinaimbiranso Thandiwe kutsimikiza tsiku. Ulendo uno anayamba ndi iye kundifunsa, "Amayi, agogo aja muwamanga pakamwa?" Ndinati mwana wanga, zili ndi Mwini wake.

Lachiwiri njira inali zii. Utsi kulibe, kupatula wa phala la ana kuseri kwa nyumba. Anthu amatuluka, kupereka moni, kunena kuti tikukupemphererani, manja ali opanda kanthu. Achimwene amaimitsabe njinga pakhomo lililonse, kudikira pang'ono, n'kukweranso. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wafika pamaliro atakwirira kale.

Tinatsika pa Nathenje pamene pamaima maminibasi. Chipatala chili tsidya lina la msewu, ndimachiona ndi maso. Ndinali nditayamba kale kuthokoza mumtima.

"Ankhoswe anga! Ankhoswe!"

Anali mayi Jacinta ogulitsa zitumbuwa. Iwo ndi a Katolika, uthenga wathu sunawapeze. Amuna awo anathawirapo ku esiteti ya fodya ku Kasungu, anakawabweza ndi achimwene. Ndisanatsegule pakamwa, mayiyo anagwada n'kuika chitumbuwa chotentha m'manja mwawo. Achimwene analandira ndi manja awiri. Anakhazika chipewa m'khwapa n'kutsinzina.

Pamenepo ndinati, "Ndipemphera ndine."

Kwathu munthu sadya pemphero lisanathe. Zimenezi achimwene amazisunga kuposa wina aliyense, anandimenyapo khofi ndili mwana chifukwa chotsina ndiwo amayi asananene Ameni.

Ndinayamba ndi kuthokoza chifukwa cha chitumbuwa. Ndinathokoza nthochi zake, ufa wake, mafuta ake, ndi manja a mayi Jacinta. Ndinapempherera amuna awo kuti asaonenso njira ya ku Kasungu. Mayi Jacinta anati, "Inde Ambuye." Ndinagwira achimwene pa chigongono n'kuyamba kuyenda nawo pang'onopang'ono, iwo chitsinzinire, chitumbuwa chili m'manja. Ine diso limodzi linali lotsegula. Mulungu msewu wa Nathenje amaudziwa, sangandiimbe mlandu.

Pakati pa msewu ndinapempherera madalaivala. Kondakitala wina anakuwa, "Amayi, tchalitchi chili uko!" Ndinamupemphereranso iyeyo, mokweza, kuti Ambuye amupatse ulemu. Achimwene ananong'ona, "Felesiya, chikuzizira." Ndinapempherera odwala a m'zipatala, amasiye, a m'ndende, ndi mvula ya chaka chino.

Tinalowa pakhomo la chipatala ndili pa ana a sukulu. Thandiwe anatsegula pakamwa kuti afunse dzina, n'kuona mmene zinalili, n'kungoloza chitseko. Mkatimo adokotala anaimirira, kuyang'ana chitumbuwa, kuyang'ana ine. Anaweramitsa mutu pang'ono, kutenga dzanja la achimwene, kusankha chala chimene chinalibe mafuta, kuchipukuta, kuchibaya. Ine ndinali nditafika pa Abrahamu, Isake ndi Yakobo chifukwa anthu amoyo anali atanditheratu.

Kamakina koyezera shuga katalira, adokotala anatsokomola. Ndinati, "Ameni."

"Ameni," anatero achimwene. Anatsegula maso, kuona pamene ali, kuona kathonje pa chala chawo. Sanadabwe. Analuma chitumbuwa n'kufunsa adokotala ngati angalaweko.

Shuga anapezeka, wochuluka ndithu ngakhale asanadye. Anawapatsa mapilitsi, n'kutiuza kuti tizibwera kudzatsuka chilonda, tsiku lake tiziyamba taimba foni. Pa nkhani ya kadyedwe adokotala analankhula nthawi yaitali, achimwene akungoti eya, eya. Potsiriza anafunsa, "Ndiye munthu akandipatsa, ndikane?"

Adokotala anati, "Landirani, bambo. Koma palibe lamulo loti mudyere pomwepo."

Kulandira osadya pamaso pa mwini wake kunawavuta masiku oyamba. Koma chala anachiona okha mmene chinadera. Lero amayenda ndi jumbo m'thumba la jekete. Munthu akawapatsa amalandira ndi manja awiri, kupemphera, kunyema kachidutswa kakang'ono kuti mwini wake aone, chotsala m'jumbo. Thobwa amanyowetsa milomo n'kupatsira wakabaza.

Chilonda chinapola mvula isanagwe. Chikhadabo chokha ndiye sichinamerenso. Pa chigafa akukwera, nsapato akuvala zonse ziwiri. Jumbo ija imafikira kunyumba kwanga, moti Dalitso ndi Mwayi, ana anga, masaya atuluka.

Tsiku loyezanso shuga likayandikira, Thandiwe amaimba yekha kutikumbutsa. Amayamba ndi moni masiku ano. Achimwene amavomera zonse, jekete, kumeta, madzi okha. Chimodzi chokha anakana, ndipo m'moyo mwawo n'koyamba kuwamva akukana kanthu. Anati pa chakudya chawo ine ndisadzapempherenso.