Kachitsamba kokana chitengwa

Achemwali, lero mdzukulu wanga wandigulira tizipatso takuda ta m'sitolo, tochokera kunja. Nditatembenuza kamodzi ndaona kachisoti kunsi kwake, ndipo ndaseka momwe sindinasekerepo chitisiyireni inu. Ndakumbukira tsiku lija tinakwera phiri la Chikala kukafuna bowa, nthawi ija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Munandiimitsa pa kachitsamba ka masamba olimba onyezimira, maluwa ake ngati timitsuko tozondoka. Munati, "Mitengo nayonso ili ndi mafuko ake. Masamba amanama. Uziyang'ana duwa ndi kachisoti ka chipatso, udziwa abale ake." Tinadya tizipatso take mpaka milomo kuda, inu n'kuzula kachitsamba kamodzi kukadzala kuseri kwa nyumba.

Sabata yomweyo kanafota ndi kutentha kwa kuchigwa kuno. Apa n'kuti alamu, amene ankagwira ntchito ya njanji ku Balaka, akuumirira zokutengani chitengwa. Munawagwira mkono kukawaonetsa kachitsamba kouma kaja. "Mwaona? Zozula sizimera. Iyayi, mubwere ndinu." Alamu anangokanda mutu. Mwezi wotsatira anatulukira ndi katundu wawo panjinga, ndipo anakalambira pakhonde panu akudzitcha mkamwini wa chitsamba. Tizipatso ta leroti n'totsekemera, koma sitikufika pa tija. Mwanayu ndamuonetsa kachisoti, ndamuuza kuti abale ake a timeneti ali ku Chikala. Gonani bwino m'tsinde mwa phiri lanu, achemwali. Mpaka lero palibe anakuzulani.