Khomo Lalitali la Atate

Nyumba imene ndinakuliramo ili ndi khomo lalitali kuposa makomo onse a m'mudzi mwathu. Alendo akafika amaliyang'ana n'kufunsa ngati tinkafuna kumalowetsamo ngolo. Ine ndimaseka nawo, n'kuwayalira mphasa. Si aliyense amene ndimamufotokozera, chifukwa ndikayamba nkhaniyi tiyi amazizira m'kapu.

Atate anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wochokera kutsidya kwa malire, mbali za ku Fort Manning. Anabwera kuno ku Chipangali kudzagwira ntchito pa famu ya fodya, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira kumanga ndi njerwa. Anawaona amayi kutchalitchi, ulendo wobwerera kwawo unathera pomwepo. Anakhala mkamwini monga amuna ena onse a pamudzi pathu: nyumba pamalo a akuchikazi, munda wa akuchikazi, ana nawonso a akuchikazi.

Nyumba yathu yakale inali yamitengo yomata ndi dothi, udzu wa denga wotsika mpaka m'mapewa, monga zinalili nyumba zonse masiku amenewo. Amayi, amene anali aafupi ngati ine, ankalowa ndi mtsuko pamutu osaugunditsa. Atate ankaiwala, makamaka akatopa, ndipo tinkangomva kuti gu! Amayi ankaseka mpaka kugwira nthiti.

"Weramani, bambo inu," ankatero. "Pano m'pa eni ake."

Atate ankasisita pamphumi n'kumwetulira. Nthabwala imeneyi inali ya awiriwo, ndipo sindinawaonepo atakwiya nayo.

Madzi anabwera m'zaka za Chitaganya, chimanga chitangomasula. Mudzi wathu unali m'chigwa, pakati pa mtsinje ndi dambo. Mvula inagwa osalekeza kwa masiku angapo, kenako m'mawa wina kunacha bwino, dzuwa n'kuwala. Anthu anatulutsa zofunda kuti ziume. Amayi anawoloka kupita kumunda wa kutsidya kukathyola nkhwani, atandiuza kuti ndisinje nsinjiro. Sitinadziwe kuti kumapiri mvula inali isanakate.

Chamasana tinamva mkokomo ngati wa lole yolemedwa, koma kwathu kunalibe msewu wa malole. Atate ananyamula mlongo wanga wamng'ono paphewa, ine anandigwira dzanja, tinathamangira kumtunda ndi anthu ena onse. Tili kumeneko tinaona nyumba zathu zikugwada imodzi ndi imodzi, nkhokwe zikuyandama, mbuzi zikulira m'madzi ofiira. Ine maso anga anali kutsidya. Ndinkadziuza kuti amayi akwera pachulu, akutidikira, ndipo adzandikalipira chifukwa chosiya nsinjiro mumtondo.

Anawapeza kumunsi atakodwa m'bango, madzi ataphwera. Anzathu anataya nyumba, mbewu ndi ziweto. Ife tinataya zonsezo ndi amayi omwe.

Tinakhala m'misasa ya udzu pamtunda paja. Njala inayamba kutisuzumira, ndipo pamenepo ndi pamene thandizo linafika. Ansembe analengeza m'matchalitchi za tsoka lathu, ndipo akhristu a ku Fort Jameson anasonkha chimanga, nyemba ndi mchere. Amayi a ku komboni ya Kapata m'tauni yomweyo anatumiza zovala za ana awo, amwenye ena a masitolo anaperekako mabulangete. Ine ndinalandira diresi lamaluwa lonunkhira sopo, lalitali mpaka m'mapazi. Mpaka lero sindidziwa mtsikana amene analivula kuti ine ndivale.

Poyamba ena anakana kulandira. Ankati imeneyi ndi nyambo ya Chitaganya, mukadya chimanga chawo mawa adzabwera kudzakulandani minda. Masiku amenewo chilichonse chobwera pa galimoto tinkachiyang'ana ndi diso limodzi. Koma mimba ilibe ndale. Amene ankalankhula mokweza kwambiri ndi omwe tinawaona kutsogolo ndi malichero aakulu.

Mvula itatha kunabwera Abulazala a ku mishoni, mzungu wofiira khosi, wa Chinyanja chokhotakhota koma wamtima wabwino. Anatsitsa zikombole za njerwa pa lole yawo n'kunena kuti anthu achifundo agula malata ndi misomali, mudzi umangidwenso pamtunda, wa njerwa zootcha. Njerwa tiumbe pamodzi, tiotche pamodzi, ndipo banja lililonse lidzakhoma malata ake makoma akakwera. Zonse zithe mvula ina isanabwere. Anthu anaomba m'manja, amayi ena analulutira koyamba chichitikire maliro.

Masiku omwewo ankhoswe anasonkhana pamsasa pathu. Ine ndinali chapafupi, ndikutongola chimanga cha thandizo chija. Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, ndi amene analankhula.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino. Ife tilibe nanu chifukwa ngakhale pang'ono. Amangireni anawa nyumba. Ikatha tidzafulula mowa, tidzamete, tikusudzuleni, mukaone moyo wina. Ndinu munthu wamphamvu zanu, sitingakumangireni pano."

"Ndamva, alamu," anatero atate, maso ali pansi.

Atsibweni sanali munthu woipa, ndinene zoona. Kwa iwo kusudzula kunali ulemu, kumasula munthu kuti abwerere kwawo akakwatire popanda womuloza chala. Amayi analibe mng'ono wosakwatiwa woti n'kulowa m'malo mwawo, ndiye panalibe chowasungira atate pamudzi. Ine ndinali wamkulu ndithu moti ndinamva bwinobwino zimene zinanenedwazo. Tsiku limene nyumba yathu idzathe ndi tsiku limene tidzayambe kutsanzikana ndi atate.

Ntchito inayamba. Amuna ankakumba dothi ndi kuponda, ife akazi tinkatunga madzi, ana ankatembenuza njerwa padzuwa. Uvuni woyamba utapsa mudzi wonse unapita kukagogoda njerwa kuti umve kulira kwake. Aliyense anali pa liwiro, kufuna kuti yake iyambe kuwala malata. Popeza odziwa kumanga anali ochepa, atate ankaitanidwa uku ndi uku, ndipo sankakana. Anamangira mayi wina wamasiye, anamangira nkhalamba ina yakhungu, anamangira atsibweni omwe. Anthu ankawatama kuti mkamwini uyu ndi wa mtima wa Mulungu, amayamba za anzake.

Akafika pa yathu manja awo ankalemera. Ankayala mzere umodzi wa njerwa, n'kubwerera m'mbuyo, kutsinzina diso limodzi, kenako n'kupukusa mutu.

"Sunawongoke," ankatero, n'kuugumula.

Mzerewo unali wowongoka ngati chingwe chimene anayesera. Ine ndinkadziwa, iwonso ankadziwa kuti ndikudziwa, koma sitinkanena. Ndikapita kukatunga madzi a matope ndinkayenda ngati nkhalamba, ndipo ndikabwera sankandifunsa kumene ndachedwa. Miyezi imeneyo ndi imene ndinakhala nawo pafupi kwambiri atate anga. Anandiphunzitsa kumva ndi phazi ngati matope apsa, anandiuza za mapiri a kwawo ndi za alongo awo amene ndinali ndisanawaonepo. Munthu wosalankhula uja anatsegula pakamwa ngati wadziwa kuti nthawi yamuchepera.

Kutentha kwa Okutobala kutafika, mudzi unali utasanduka wina. Masana madenga ankathobwa m'maso, ndipo anthu odutsa ankaima kumaloza. Pakati pa nyumba zonsezo panali yathu, makoma ofika m'chiuno, malata ake ataunjikidwa pansi pa mtengo wa msuku. Nthabwala zinayamba. Ena ankati mmisiri wamanga mudzi wonse koma yekha adzagona ndi achule.

Abulazala sanaseke nawo. Anabwera mitambo itayamba kusonkhana, n'kuima pamakoma athu akupukuta thukuta.

"Bambo, chavuta n'chiyani? Kumunsi kuli mudzi wina, nawonso madzi anawaononga. Ngati malata awa simuwafuna, ine nditenga ndikapatse iwo."

Atate anayamba kunena za matope ndi chingwe. Ine mtima unandiwawa kuwaona munthu wamkulu akusowa mawu ngati mwana, ndipo ndinalankhula ndisanafunsidwe, zimene mwana wamkazi sankachita masiku amenewo.

"Akamaliza awasudzula. Apita kwawo, ife titsala."

Abulazala anandiyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa tanthauzo la mawuwo, ndipo atamva nkhope inafiira kuposa khosi. Anapita kwa atsibweni n'kuwauza kuti banja lachikhristu silitero, ana amafunika bambo wawo. Atsibweni anavula chipewa n'kumavomera chilichonse.

"Zoona, Abulazala. Mwanena bwino, Abulazala."

Mzunguyo anachoka akuganiza kuti wakonza zinthu. Tsiku lotsatira ndinaona amayi aakulu akuviika chimanga cha chimera cha mowa uja. Malata ndi misomali anthu achifundo anatha kutipatsa, koma ichi chinali chopitirira lole yawo.

Ndiye ndinapita kwa atate eni ake. Ndinawapeza atakhala pa njerwa, akupala matope ouma pa mpeni womangira.

"Atate, kanani. Auzeni kuti simupita."

"Ndikane ndili pamalo a yani, mwanawe? Munda ndi wa amayi ako. Iwo kulibe, ndidzalima ngati ndani?"

"Ndiye titengeni, tipite tonse."

Atate anati, "Kwathu mukakhala alendo ngati mmene ndakhalira ine kuno. Kuno muli ndi munda, muli ndi manda a amayi anu, palibe adzakuuzeni kuti nyamukani. Chimenecho sindingakulandeni."

Ndinalira, ndipo ndinawauza mawu oti sanatikonde. Anangonditambasulira dzanja, ine n'kukhala pambali pawo mpaka misozi itauma.

Mvula yoyamba inagwa sabata lomwelo, yamphepo. Msasa wathu unali utatopa kale, unadontha paliponse. Mlongo wanga, amene chichokere amayi anali wodwaladwala, anayamba kutsokomola chifuwa chouma, thupi lili moto. Atate anamufunditsa bulangeti la amwenye lija, lomwe nalonso linali litanyowa, n'kumuyang'ana kwa kanthawi. Kenako anatenga chingwe ndi mpeni wawo n'kutuluka.

Sindinaonepo munthu akumanga ngati mmene anamangira masiku amenewo. Palibe mzere umene anagumula. Amuna onse amene anawamangira aja anabwera kudzathandiza, wina kuponda, wina kuponya njerwa, atsibweni ali pamwamba kukhoma mapaso. Ankaimba, ankaseka, ankati lero mmisiri wadzuka. Ine ndinkatunga madzi mothamanga, chifukwa chifuwa cha mlongo wanga ndinkachimva ndili kudambo. Njerwa iliyonse imene ndinapereka m'manja mwa atate ndinkadziwa kuti ndikuwafupikitsira masiku.

Pa chinthu chimodzi chokha ndi pamene anaumirira. Mafelemu a zitseko amene anabwera ndi lole anali a msinkhu umodzi, ndipo atate anakana lathu. Anapita kuthengo, anadula mlombwa, anasema okha felemu lalitali loti iwo n'kudutsa chipewa chili kumutu. Abulazala anadandaula kuti chitseko cha ku mishoni sichikwanapo.

"Ndidzalumikiza thabwa," anatero atate. "Pano pokha ndilowe choimirira."

Atsibweni anamva, ndipo anatembenukira kumbali ngati akufuna msomali.

Malata atakhomedwa tinalowa. Mvula inagwanso, tinaimva ikulira padenga ife tili pouma, ndipo mlongo wanga anayamba kupeza bwino. Anthu anabwera kudzaona, ankasisita makoma n'kumati mwachita mwayi ana inu. Mawu amenewo ndinkadana nawo, ndipo ndimadana nawobe. Sindikunyoza amene anatithandiza, Mulungu awadalitse kulikonse kumene anagona. Popanda iwo mwina mlongo wanga sakanaona chaka china. Koma ine nyumba imeneyo ndinailandira ndi dzanja limodzi, lina likulandidwa.

Mowa unapsa. Tinametedwa tonse, ankhoswe analankhula, atsibweni anathokoza atate pamaso pa mudzi wonse. Anawauza kuti njira ndi yotsegula, azibwera kudzaona ana. Anabweradi kangapo zaka zoyambirira, atanyamula mtedza ndi nsalu, akukhala pakhonde ngati mlendo. Kenako tinamva kuti apita kukafuna ntchito ku Halale, ndipo kumeneko sanabwereko.

M'mawa umene ananyamuka ndimaukumbukira kuposa tsiku la madzi. Ine ndi mlongo wanga tinaima pabwalo, mitu yathu yometa ikuzizidwa. Atate analowa m'nyumba kukatenga kamtolo kawo: bulangeti, mpeni womangira ndi chingwe chija. Anachedwamo pang'ono. Ndinkawaona kudzera pakhomo akuyang'ana denga, akugwira khoma, ngati akufufuza mzere wina wosawongoka woti agumule.

Kenako anatembenuka kuti atuluke. Khomo linali lalitali, pamwamba pa mutu wawo panatsala malo oti n'kudutsa dzanja lonse. Koma atafika pakhomopo, atate anawerama.